Feteleza Wanga Anakaona Mvuu ku Mfuwe

Randburg, Joni
29 Disembala 2025

Okondedwa Alamu,

Ndiyambe ndi moni poti Amayi anandilera bwino. Muli bwanji kumeneko? Mwendo wa Amayi uja ukuwalola kugona? Nanga mlongo wanga ndi ana? Ine kuno ndili bwino, kupatula mtima, umene wakhala ukugunda mosalongosoka kuyambira Lachitatu pamene zithunzi zinayamba kuvumba pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani. Pafoni timamvana bwinobwino tikamakamba za mpira ndi za mvula, koma nkhani ikangokhotera ku ndalama, netiweki ya ku Kapata imadwala mwadzidzidzi, inu n'kuyamba "halo, halo, mukumveka patali," mpaka foni kuduka. Pepala lilibe netiweki. Ndapatsira mnyamata wina wa ku Katete amene akukwera basi mawa, ndipo ndamuuza kuti asachoke pakhomo panu musanaitsegule. Muiwerenge mokweza, mlongo wanga ali pomwepo.

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinatumiza ndalama pa Mukuru. Ndinanena momveka, ndipo mawuwo akadali mufoni yanga: mugule Urea wa m'munda mwa Amayi, mugule yunifolomu ya ana, yotsalayo mugulire nkhuku ndi mpunga kuti ana adziwe kuti kunja kuno kuli Khrisimasi. Yotsalayo, Alamu. Inu munayankha ndi kachithunzi ka manja awiri opemphera. Ine ndinkati mukuthokoza, pomwe inu munkaiperekeza ndi pemphero poti munkadziwa kuti kumene ikupitako siikabwerako.

Ulendo wake unayamba Lachitatu ku Down Shops, kwa amwenye, n'kudzera pa salaula wa pa Kapata. Za madiresi a atsikana sindikudandaula, awakhala. Koma pachithunzi china pali munthu wamkulu, wa ndevu zake, wavala chipewa chatsopano cha khonde lalikulu, chokhala ndi nthenga pambali, waima pansi pa chipata cholandirira alendo chija cha pamsewu wochokera ku Lusaka, dzanja lili m'thumba. Munthuyo ndinu. Ndabwereza mndandanda wanga, chipewa sindikuchipezapo.

Usiku wake munapita ku St Anne's kukaonera sewero la ana la kubadwa kwa Ambuye. Kanema amene munajambula, theka lake ndi duku la mayi amene anakhala kutsogolo kwanu. Duku labwino ndithu, labuluu. Koma pamene mayiyo anawerama ndinamuona mwana wanu wamkulu ali msilikali wa Herode, lupanga la katoni m'manja, akukalipa ndi mawu amene anachita kutengera kwa mayi ake. Wamng'ono uja anali nkhosa. Anamufunditsa thaulo loyera n'kumuuza kuti azikwawa mwakachetechete pambali pa abusa. Vuto linali nsapato. Munamugulira zija zimayaka timagetsi tofiira mwana akaponda, ndiye nkhosa ikati isunthe pang'ono, Betelehemu yense ng'aning'ani, mpingo wonse kufa nako kuseka, mpaka mngelo anaiwala mawu ake n'kumangoyang'ana mapazi a nkhosa. Ndinaseka ndekhandekha kuno, ndipo nsapatozo ndakhululuka.

Tsiku la Khrisimasi munati mundiimbire pa kanema kuti tidyere limodzi. Munaimika foni potsamira botolo la Fanta pakati pa mphasa. Ndinaona mpunga wa ku Chama ukufuka nthunzi, fungo lake ndinachita kulikumbukira ndekha, nkhuku ya kumudzi, nkhwani wotendera, ndi bowa amene Amayi anabwera naye. Ndinawerenga mitu. Banja lathu ndimalidziwa, koma pamphasa paja panali anthu ena amene nkhope zawo sindinazionepo chibadwire, makamaka bambo wina wa malaya a mizeremizere amene ankadya mwaulemu koma mosapumira. Aliyense akameza ankaweramira kufoni, "Amalume, mwadya kumeneko?" Kenako wina anasolola Fanta uja, foni inagwa chagada, ine n'kukhala ndikuonera malata a denga lanu ndikumvetsera anthu akuswa mafupa. Denga lanu lili ndi kabowo. Ndinakaona bwino, nthawi ndinali nayo.

Patsikuli funso langa ndi limodzi. Nthutumba anadya ndani? Kwathu nthutumba ndi ya mwini mbumba, ndipo mwini mbumba ndine, kaya ndili kutali. Mlongo wanga akuti munanena kuti mukundidyera ine. Zikomo kwambiri, Alamu. Sindinakhute.

Madzulo ake munatengana ulendo wa m'tauni pa njinga za hayala, banja lonse pamzere, Amayi patsogolo atakhala cham'mbali pa kakhushoni, chikwama pamiyendo, inu kumbuyo mutagwira chipewa kuopa mphepo. Chithunzi chimenecho ndachisunga. Anzanga a kuno sakhulupirira kuti malo amene boma linawatcha mzinda mu 2017 angamayende pa njinga, ndiye ndimawauza kuti ife tinali ndi fakitale yathuyathu, Luangwa Industries, yopanga njinga za Eagle, ndipo kwathu njinga imanyamula nkhumba, makala, wodwala ndi mkwatibwi, nthawi zina tsiku limodzi. Ndinakumbukiranso malemu Agogo aamuna. Iwo atachoka ku migodi ya kuno nthawi ya Wenela anafika ndi njinga ndi bokosi lachitsulo, mudzi wonse n'kukawachingamira, ndipo bokosilo ankatsegula okha, kiyi ali m'khosi. Boma la Kaunda linaletsa Wenela kulemba anthu kwathu mu 1966, koma njira ya ku Joni sinamere udzu. Chinasintha n'choti ife timatumiza pafoni, kiyi amakhala kwa mlamu, ndipo pafoni pomwepo timaonera mmene zikuthera. Ku Shoprite munajambulitsa ana atakwera m'trole, munanyambita ayisikirimu, ana anadumphadumpha m'chinyumba chopopa mphepo chija mpaka wina kubweza ayisikirimu yense. Zimenezo ndangozilemba m'buku.

Lachisanu ndinkayembekeza kuti mupuma, poti kwathu pa 26 si holide. Koma kusanache kwenikweni chithunzi chinali chitafika kale: kantemba kanu kotseka ndi loko, banja lonse lili paboda pa Mwami. Munati mukukaona Azakhali ku Mchinji. Izi sindingatsutse, Azakhali akalamba, ndipo malire aja anadula munda wa anthu amodzi. Chinyumba chatsopano cha paboda, chimene a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula mu Disembala 2022, mwachijambula mbali zonse, mpaka ndikudziwa kumene kuli zimbudzi. Mwana wanu wamkazi anafunsa chifukwa chake simunakwere sitima poti njanji ya ku Mchinji anaitsegula mu 2010, inu n'kumuyankha kuti sitima imafuna munthu wopanda changu. Pamenepo munayankha bwino.

Chimene chinandiimitsa mutu n'chithunzi cha tsidya linalo. Mwasintha makwacha athu kukhala a ku Malawi, mpukutu wakula mokwana kutsekera pakhomo, ndipo mukudzikupiza nawo kumaso mutatsinzina diso limodzi. Pansi pake munalemba kuti "Mabwana afika." Alamu, ndalamayo sinaswane. Ndi yomwe ija, yangovala malaya ena. Munabwerako ndi Sobo, usipa ndi zitenje, ndipo ndamva kuti Azakhali munawasiyira kenakake n'kunena kuti ndi thukuta lanu. Azakhali ali ndi foni. Anandiimbira kundiuza kuti ndili ndi mlamu wowolowa manja, ndizitengerako chitsanzo.

Mwina mukufuna kudziwa mmene ine ndinadyera Khrisimasi. Mu Disembala Joni amakhuthuka. Kuyambira pa 16 makontirakitala amatseka, ma taxi amadzaza anthu opita kwawo ku Limpopo, ku Eastern Cape ndi ku KwaZulu-Natal, ndipo ku Park Station katundu amaunjikana mpaka munthu kusowa popondera. Mtengo wa basi umakwera, pa Beitbridge mzere wake umagonetsa anthu panja, ukawoloka Zimbabwe yense pali Chirundu, ukafika ku Lusaka n'kukumbuka kuti kwatsalabe makilomita oposa 550 a Great East Road. Ndinawerengera zonsezi n'kuona kuti ndalama ya ulendo ndi bwino isanduke feteleza. Abwana anga ananyamuka ndi banja lawo kupita kunyanja ku Durban, n'kundisiyira makiyi, udzu wotchetcha, dziwe losambiramo loti ndizivuula masamba, ndi galu.

Galuyu, Alamu, ali ndi dokotala wake. Pafiriji anamata pepala la malamulo ake. Chakudya chake n'choyeza ndi kapu, m'mawa ndi madzulo, ndipo ali ndi mapiritsi omwa pa 31 kuti asachite mantha ndi makombola a chaka chatsopano. Ine za mantha anga palibe anafunsa. Pa Khrisimasi tinakhala pakhonde awiriwiri, iye ndi mbale yake, ine ndi pap wa kuno, woyera bwino koma wosagwira m'mimba, tonse tikuyang'ana foni. Lachisanu, poti kuno ndi holide, ndinapita ku Zoo Lake ndi mbuya wanga, Mbemba wa ku Kasama, amene amagwira ntchito yaulonda, tinawotcha soseji, mvula ya ziphaliwali n'kutibalalitsa isanapse. Basi, Khrisimasi yanga yathera pomwepo.

Tsopano tifike pa Loweruka, pamene panagona ndalama yeniyeni.

Uthenga woyamba unafika tambala asanalire: minibasi ya hayala yaima pakhomo panu, mapoto amangidwa m'zitenje, ndipo mkatimo muli anthu oposa mipando. Bambo wa malaya a mizeremizere uja ndinamuonanso, wakhala pawindo, malaya omwe aja. Munalemba mawu awiri okha, "Mfuwe, tabwera!" Ndinakhala tsonga pabedi. Makilomita oposa 100 kupita, enanso otero kubwerera, mafuta, dalaivala, zolipira pageti, ndipo zonsezi mwezi wa dzinja, pamene mlimi aliyense wa nzeru zake ali ndi khasu m'manja. Ndinayamba kulemba uthenga wokalipa, koma ndisanatumize munaponya kanema wa amayi akuimba nyimbo za kwaya minibasi ikutsetsereka kuchoka kumapiri kulowa m'chigwa, mawu a Amayi akumveka pamwamba pa onse. Uthenga uja ndinaufufuta. Mawu ake ndawasungira kalata ino.

Pa mlatho wa Luangwa, pafupi ndi geti la paki, munatsika kukaona mvuu. Madzi anali ofiira ndi matope a dzinja, mvuu zikungoonetsa makutu ndi mphuno, ina n'kuyasamula. Mwana wanu wamng'ono anafunsa ngati imatsuka mano. Nonse mutatembenukira kumtsinje, nyani wamkulu analowa pakhomo la minibasi limene munasiya losatseka, n'kutuluka ndi jumbo yonse ya vitumbuwa, kukakhala pamwamba pa chitsulo cha mlatho n'kumadya chimodzichimodzi akukuyang'anani. Kanemayo ndinamuonetsa mbuya wanga. Iye akuti anthu a kum'mawa munapita ku Mfuwe kukafuna mbewa zikuluzikulu, ndipo munakhumudwa mutauzidwa kuti mvuu sakumba ndi khasu. Ine ndinamuyankha kuti nyaniyo analimba mtima chifukwa ananunkhiza kuti m'galimotomo mulibe Mbemba, akanakhalamo mmodzi yekha bwenzi nkhalango yonse itasamukira ku Mpika. Tinatukwanizana mokoma mpaka foni yake kutha moto.

Mkati mwa paki udzu unali wautali, ndipo nyama nthawi ino zimabalalika poti madzi ali ponseponse. Azungu amene amabwera dzinja ambiri amatsata mbalame. Amayi atamva zimenezi anafunsa ngati kwawoko mbalame zinatha. Mawu awo onse amene mlongo wanga anajambula ndawamvetsera. Ataona gulu la njati anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiwo zonsezi zikungoyenda, anthu akugona ndi therere." Ataona nyamalikiti, mdzukulu wawo wa sekondale n'kuwafotokozera kuti mtundu umenewu, wa Thornicroft, umapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha padziko lonse, iwo anangoti Mulungu analinso ndi nthawi yosewera.

Kenako minibasi inatitimira. Walira mvula walira matope, Alamu, ndipo galimoto ya m'tauni siyendera njira za njovu mwezi wa Disembala. Malamulo a m'paki amati munthu asatsike m'galimoto, koma inu munatsika kuti mukalangize dalaivala, chipewa chili kumutu, dzanja likuloza matayala. Kanemayo anajambula mwana wanu wamkulu, ndipo mnyamatayo ali ndi tsogolo, sanagwedeze dzanja ngakhale pang'ono. Kumbuyo kwanu tchire likugwedezeka. Mukupitiriza kulangiza. Khutu lalikulu likutulukira. Amayi akukuwa, "Abambo ake ana, njovu!" Zimene zinachitika kenako ndazibwereza pang'onopang'ono kuti ndimvetse mmene munthu wa msinkhu wanu analowera pawindo la minibasi chamutu, miyendo ikupalasa m'mwamba, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Njovuyo sinakuyang'aneni n'komwe. Inathyola nthambi yake n'kumapita. Chipewa ndiye chinagwera panja, tayala n'kuchiponda pamene galimoto ya alendo ena inakukokani. Pa nkhani ya chipewa, ine ndi njovu tagwirizana.

Koma ndinene chinthu chimodzi mosaseka. Kumapeto kwa kanemayo Amayi akuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kuseka kotero ndinakumva komaliza Abambo akadali moyo. Munthu wabadwira ku Chipata, wakalambira komweko, paki imene anthu amaikwerera ndege kuchokera ku London ili kuseri kwa mapiri ake kuyambira 1972, koma njovu anali asanaionepo ndi maso. Ine ndakhala ndikuwatumizira mabulangete ndi mankhwala opaka, za njovu sizinandifikepo m'mutu. Ndiye mpando wa Amayi m'minibasi muja ndalipira ndi mtima woyera, wa ana ndi wa mlongo wanganso chimodzimodzi. Wanu tikambirana. Wa bambo wa mizeremizere mundiuze kaye kuti ndi ndani.

Lamulungu ndinkati anthu amene anathamangitsidwa ndi njovu agona. Ayi ndithu. Mutaweruka ku tchalitchi anyamata anakwera phiri la Kanjala kukajambula tauni yonse ili pansi, atsikana anapita kukalukitsa tsitsi, inu munakaima pa michopo. Masana munaperekeza Amayi kumudzi, ndipo kumeneko ndi kumene munadzigwiritsa nokha.

Munajambulitsa chithunzi chotsanzikana kuseri kwa nyumba ya Amayi, pansi pa mtengo wa mango. Nonse mukumwetulira, ana mango ali kukamwa. Ine sindinayang'ane nkhope. Ndinakuza chithunzicho ndi zala ziwiri pakona ya kumanzere, pakati pa phewa lanu ndi nkhokwe, pamene pakuoneka munda. Chimanga chafika m'mawondo, nthawi yeniyeni yothira wobereketsa, koma masamba ake ndi achikasu ngati ndi ana a sukulu ya mkaka pa yunifolomu. Udzu ndiye wobiriwira bwino, wathanzi, ukuoneka kuti palibe akuuvutitsa. Ndinakuzanso pakhonde la nkhokwe, pamene Amayi amasanja matumba a feteleza chaka chilichonse. Pali nkhuku yokha, ikufungatira.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wanga anali pachala, ndipo mphepo yake yavala nsapato imodzi. Inu ndinu mkamwini, Alamu. Pamene munkalowa m'banja lathu ankhoswe anakuonetsani munda umenewo, ndipo munalonjeza pamaso pa anthu kuti khasu mumalidziwa. Mu Epulo ana sadzadya zithunzi za mvuu.

Ndiye zikhala motere. Malipiro a mwezi uno akangolowa nditumiza ndalama ina, koma ipita pafoni ya mlongo wanga, ndipo iye akagula yekha Urea kwa ogulitsa zaulimi m'tauni. Ndikufuna chithunzi cha matumba, chithunzi cha lisiti, ndi chithunzi cha inu muli m'munda ndi kachitsekero ka botolo m'manja mukuthira phando ndi phando. Mwana wanu wamkulu ajambule, ndamuona kuti amatha. Kupalira muyambe mawa lomwe, musadikire ndalama, udzu sufuna lisiti. Mlendo wanu wa mizeremizere mumutengenso, ali ndi mphamvu za mpunga wa ku Chama zimene sanazigwiritsebe ntchito.

Mu Januwale musandilembere za fizi. Kuno timamva nkhani, Breeze FM timaipeza pa intaneti, ndipo tikudziwa kuti m'sukulu za boma maphunziro ndi aulere kuyambira 2022. Yunifolomu ndi makope ndikudziwa kuti ndi zathu, n'chifukwa chake zinali pa mndandanda uja. Ndiponso ndikuchenjezeretu, poti ndaona kale wina pagulu paja akufunsa mtengo wa minibasi: Nc'wala ya ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale ilibe bajeti. Mtenguleni ndi pafupi. Amene akufuna kukaona a Mpezeni akulawa zam'munda zatsopano apalase njinga, ndipo ayambe waonetsetsa kuti m'munda mwa Amayi muli choti munthu angalawe.

Mnyamata wa ku Katete uja abwerera kuno pakati pa Januwale. Mumupatsire nsawa za chalimbana, kapenta wa ku Mpulungu ngati alipo pa Kapata, ndi ufa woyera pang'ono wa kumudzi, wokonola, kuti m'mimba muno mukumbukire kwawo. M'chikwama chimene wanyamula muli juzi ya Amayi, mipira iwiri ya ana kuti asamenyane, ndi mafuta odzola a mlongo wanga. Mulinso nsapato zachikopa, sayizi 9. Ndinafuna kugula imodzi yokha ya kumanzere poti ndi imene inatsala ku Mfuwe, koma mwini sitolo anakana kugulitsa yopatukana ndi inzake.

Moni kwa onse, ndipo Amayi muwauze kuti ndiwaimbira Lachinayi pa chaka chatsopano, pafoni ya mlongo wanga.

Ndine mlamu wanu,
Mwini mbumba, wa ku Joni